Musanalembetse dzina la kampani ya eni pa intaneti kuti mudzaligulitse

Kulembetsa dzina la pa intaneti, limene ambiri timangoti domeni, ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa munthu amene ali ndi foni, bandulo ndi khadi la ku banki lotha kulipira m'madola. Kampani yolembetsa mayina sifunsa ngati dzinalo likukukhudzani. Imangoona ngati wina sanalitenge kale, n'kulandira ndalama. Kuphweka kumeneku ndi kumene kumakopa achinyamata ena kuno ku Mangochi, pa Boma, ku Monkey Bay ngakhale ku Namwera, amene anamva kuti dzina la voice.com linagulitsidwa pa madola 30 miliyoni mu 2019, ndipo amaganiza kuti akhoza kuthamangira kulembetsa mayina a malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, a mabanki kapena a makampani a mafoni, n'kudikira kuti eni ake adzabwere kudzawombola pa mtengo wokwera.

Kugula dzina ndi kuligulitsanso pa phindu si mlandu. Ndi malonda amene amachitika poyera m'maiko ambiri. Vuto limayamba pamene mtengo wa dzinalo ukuchokera ku mbiri imene kampani ina yadzipangira ndi thukuta lake, ndipo inu mwalilembetsa mukudziwa bwino zimenezo. Zikatero mukhoza kulandidwa dzinalo osapatsidwa ngakhale tambala, ndipo m'maiko ena mukhoza kulamulidwa kulipira chipukuta misozi chachikulu. Malangizowa ndawasanja motsatira mmene ntchitoyi imayendera, kuyambira musanapise m'thumba kufikira tsiku limene kalata yodandaula ingakupezeni. Nkhani ikakhala kuti yafika kale m'manja mwa maloya, funani loya wanu, chifukwa zimene zili pano n'zokuthandizani kuti musakafike kumeneko.

Yambani ndi kusiyanitsa zikalata zitatu

Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza, chonsecho zimalembetsedwa mosiyana ndipo mphamvu zake n'zosiyana. Dzina la bizinesi kapena la kampani limalembetsedwa ku ofesi ya boma imene timaidziwa ndi dzina la Registrar General, potsatira Business Registration Act ya 2012 kapena Companies Act ya 2013. Chizindikiro cha malonda, chimene ndi dzina, mawu kapena chithunzi chosiyanitsa katundu wa kampani ina ndi wa anzake pa msika, chimalembetsedwa potsatira Trademarks Act ya 2018, imene inalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1957. Chikalembetsedwa chimatetezedwa zaka 10, ndipo mwini wake akhoza kumawonjezera nthawiyo. Lamulo latsopanoli limatetezanso mayina a opereka ntchito monga mahotela, mabanki ndi onyamula anthu, pomwe lakale linkayang'ana katundu wogulitsidwa.

Domeni ndiye yofooka pa zitatuzi. Dzinalo simuligula kuti likhale lanu mpaka kalekale. Mumalilipirira chaka ndi chaka, kapena zaka zosapitirira 10 pa nthawi imodzi, potsatira mgwirizano wanu ndi kampani yolembetsa. Lisiti la domeni silikupatsani ufulu pa chizindikiro cha malonda, ndipo satifiketi ya bizinesi payokha siikutchinjirizani ngati dzina limene mwasankha wina analiteteza kale.

Kenako dzifunseni kumene mtengo wa dzinalo ukuchokera

Musanatsegule tsamba lolembetsera, yankhani funso ili moona mtima: kampani yakutiyakuti ikanakhala kuti kulibe, kodi dzinali likanakhala ndi wolifuna? Mayina monga chambo, usipa, kampango kapena ngalawa ali ndi phindu lawolawo, chifukwa wogulitsa nsomba aliyense, mwini lesitilanti aliyense kapena woyendetsa alendo pa nyanja akhoza kuwasirira. N'chifukwa chomwecho dzina la business.com linagulidwa pa madola 7.5 miliyoni mu 1999, popeza ndi mawu wamba amene sali a munthu mmodzi. Koma dzina lokhala ndi mawu akuti Airtel, TNM, Illovo, Maldeco kapena Sunbird lili ndi wogula woyenera mmodzi yekha, amene ndi mwini chizindikirocho, ndipo oweruza milandu yotere sachedwa kuona zimenezo.

Pali njira zozembera zimene anthu amayesa, ndipo zonse n'zodziwika kale. Ena amaphatikiza dzina la kampani ndi dzina la malo, mwachitsanzo kulemba dzina la banki n'kuwonjezera mangochi kumapeto. Ena amasintha chilembo chimodzi, kudalira kuti anthu olemba mofulumira pa foni adzaphonya n'kugwera pa tsamba lawo. Enanso amasiya .com n'kutenga .net kapena .africa. Oweruza a mikangano ya mayina anagwirizana kuti ngati chizindikirocho chikuonekabe m'kati mwa dzinalo, kuwonjezera mawu ena sikuchotsa kufanana, kusintha chilembo mwadala kumaonetsa kuti munkachidziwa chizindikirocho, ndipo mchira wa dzinalo kawirikawiri sauwerengera n'komwe poyerekeza mayina awiriwo.

Mayina a malo ali ndi nkhani yawo, ndipo kwa ife a kuno ndi nkhani yofunika. Mangochi, Nkopola, Makawa, Chembe, Malombe ndi Makanjira ndi mayina a malo, ndipo dzina la malo palokha si chizindikiro cha malonda cha munthu. Khonsolo ya mzinda wa Barcelona ku Spain inapambana mlandu wa barcelona.com mu 2000, koma mu 2003 khoti la apilo ku America linathetsa chigamulocho, poona kuti mawuwo ndi dzina chabe la mzinda. Choncho tsamba lofotokoza za malo ochezera ku Chembe, kapena za mitengo ya nsomba m'madoko a Makawa, lili pa maziko abwino. Chenjezo n'lakuti malo ambiri ogona alendo amadziwika ndi dzina la mudzi umene ali, ndipo mukatenga dzina la mudzilo n'kuikapo zithunzi, mitundu ndi mawu ochititsa mlendo kuganiza kuti wafika pa tsamba la hotelayo, dzina la malolo silidzakupulumutsani. N'chimodzimodzi ndi mawu wamba: mukawagwiritsa ntchito mogwirizana ndi tanthauzo lake muli bwino, koma mukawalozetsa ku malonda a kampani imene imadziwika ndi mawuwo mwalowa m'munda wa eni.

Fufuzani, ndipo sungani umboni wa kufufuzako

Dzina likadutsa funso loyambalo, chotsatira ndi kufufuza ngati wina analiteteza. Bungwe la WIPO, limene limaona za umwini wa ntchito zaluso pa dziko lonse, lili ndi nkhokwe yaulere pa intaneti yotchedwa Global Brand Database, ndipo ndi poyambira pabwino. Siikwanira payokha, choncho pa dzina limene mukufuna kuikapo ndalama zambiri pemphani kafukufuku ku ofesi yolembetsa zizindikiro za malonda m'dziko muno. Kumbukiraninso kuti chizindikiro chikhoza kutetezedwa m'Malawi kudzera m'njira zina ziwiri. Yoyamba ndi ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loona za umwini wa ntchito zaluso, limene likulu lake lili ku Harare, kudzera m'pangano la Banjul. Yachiwiri ndi pangano la Madrid, limene dziko lino linalowamo mu Disembala 2018. Kampani imene ilibe ofesi ku Blantyre kapena ku Lilongwe ikhoza kukhala ndi chitetezo kuno kudzera m'mapanganowa.

Zizindikiro zimalembetsedwa m'magulu 45 a katundu ndi ntchito. Nsomba zogulitsa ngati ndiwo zili m'gulu 29, ntchito zonyamula anthu ndi kuyendetsa alendo zili m'gulu 39, ndipo malo odyera ndi ogona ali m'gulu 43. Mabizinesi awiri akhoza kukhala ndi dzina lofanana m'magulu otalikirana popanda kukangana, koma mayina otchuka kwambiri amatetezedwa mokulirapo.

Kusapezeka kwa dzina m'kaundula sikutanthauza kuti lilibe mwini. Malo ogona alendo amene akhala akugwiritsa ntchito dzina kwa zaka zambiri, ali ndi makasitomala owadziwa ndi dzinalo, akhoza kukhala ndi ufulu pa dzinalo ngakhale alibe satifiketi. Lembani dzinalo pa Google ndi pa Facebook. Ndiponso mukamayenda pa msewu wochoka pa Boma kupita ku Monkey Bay, werengani zikwangwani zimene zaima pa mphambano iliyonse yolowera kunyanja, zina zopakidwa penti watsopano, zina zofufuma ndi dzuwa moti muvi wokha ndi umene ukuoneka bwino. Dzina lililonse limene lili pa chikwangwani chotere lili ndi mwini amene angathe kusonyeza malisiti, zithunzi ndi mabuku a alendo a zaka zambiri. Zimene mwapeza pa kafukufuku wanu zijambuleni ndi kuzisunga pamodzi ndi tsiku lake, chifukwa tsiku lina zikhoza kukhala umboni wakuti munalembetsa ndi mtima woyera.

Werengani mgwirizano umene mukuvomera

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Aliyense wolembetsa dzina la .com, .net, .org ndi mayina ena a mtundu umenewo amavomera, podina kabokosi kaja kamene ambiri timadina osawerenga, ndondomeko yothetsera mikangano yotchedwa UDRP. Ndondomekoyi inakhazikitsidwa mu 1999 ndi bungwe la ICANN, limene limayang'anira mayina a pa intaneti. Mwini chizindikiro sasowa kubwera ku Malawi kapena kukusumirani ku khoti. Amangotumiza dandaulo ku bungwe lovomerezeka, ndipo lodziwika kwambiri ndi nthambi ya WIPO ya ku Geneva. Zonse zimachitika m'makalata a pa intaneti, ndipo nkhani imatha pa miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono.

Wodandaula ayenera kutsimikiza zinthu zitatu, ndipo akalephera chimodzi dandaulo lonse limagwa. Ayenera kusonyeza kuti dzinalo n'lofanana ndi chizindikiro chake kapena likufanana nacho mosokoneza anthu, kuti inu mulibe ufulu kapena chifukwa chomveka chokhalira nalo, ndiponso kuti munalilembetsa ndipo mukuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa.

Ndondomekoyi imatchula zitsanzo zinayi za cholinga choipa, ndipo choyamba ndicho chimene chimakola anthu ambiri: kulembetsa dzina makamaka kuti mudzaligulitse kwa mwini chizindikiro, kapena kwa wopikisana naye, pa mtengo woposa ndalama zimene munawononga polilembetsa. Mlandu woyamba weniweni wa UDRP unali wotero. Munthu wina analembetsa worldwrestlingfederation.com, ndipo patangopita masiku atatu analembera kampani ya masewera a nkhonya zogwetsanayo kuitsatsa dzinalo. Mu Januwale 2000 analamulidwa kulipereka. Zitsanzo zina ndi kulembetsa mayina kuti eni ake alephere kuwagwiritsa ntchito, ngati chimenecho ndi chizolowezi chanu, kulembetsa dzina kuti musokoneze malonda a wopikisana naye, ndi kukopera anthu pa tsamba lanu kuti mupeze phindu iwo akuganiza kuti tsambalo ndi la kampaniyo. Zotsatsa malonda zimene makampani ena olembetsa amaika okha pa dzina limene langokhala zikhoza kuwerengedwa ngati zanu, choncho muzitsegula tsamba lanu nthawi ndi nthawi n'kuona zimene zilipo.

Ena amaganiza kuti kungolisunga dzina osaikapo chilichonse kumawateteza. Mu 2000, pa mlandu wa dzina la telstra.org, kunagamulidwa kuti chizindikiro chikakhala chotchuka, wolembetsayo atabisa amene iye ali, ndipo palibe ntchito yabwino imene angaganiziridwe kuti akufuna kuchita ndi dzinalo, kungolisungako kumawerengedwa ngati kuligwiritsa ntchito moipa. Chigamulo chimenechi chimatsatiridwabe mpaka lero.

Ndondomeko yomweyo imatetezanso munthu woona mtima. Muli ndi poima ngati munayamba kugulitsa katundu kapena kupereka ntchito zenizeni pa dzinalo musanamve za mkanganowo, ngati anthu amakudziwani ndi dzinalo, kapena ngati mukuligwiritsa ntchito moyenera popanda kufuna phindu posocheretsa anthu. Ku America, mwini kampani yaing'ono ya makompyuta amene dzina la makolo ake linali Nissan analembetsa nissan.com mu 1994, ndipo ngakhale kampani ya magalimoto inamusumira mu 1999, mlanduwo n'kutenga zaka zambiri, dzinalo silinachoke m'manja mwake. Anapulumuka chifukwa dzinalo linali lakedi ndipo ankachita nalo malonda kale.

Mayina othera ndi .mw, monga .co.mw ndi .org.mw, ali ndi oyendetsa awo. Kwa zaka zambiri akhala akulembetsedwa kudzera ku bungwe la Malawi SDNP, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linapatsa MACRA udindo pa kayendetsedwe ka mayinawa. Musanalipire dzina la .mw werengani gawo la mikangano m'mgwirizano wake, ndipo dziwani kuti mwini chizindikiro wa m'dziko muno akhoza kukupezani mosavuta ndi kukutengerani ku khoti la konkuno.

Mawu apadera kwa ma ejenti ndi ogulitsa katundu wa makampani ena

Kuno kunyanja kuli anthu ogulitsa zipangizo za injini za maboti, ma sola, simenti ndi zina zotero, amene amafuna dzina la pa intaneti lotchula katundu amene amagulitsa. Oweruza amatsatira muyeso umene unachokera pa mlandu wa Oki Data wa 2001. Tiyerekeze kuti muli ndi shopu ya zipangizo za injini za Yamaha pafupi ndi doko. Kuti mukhale ndi poima, muyenera kukhala mukugulitsadi katundu wa Yamaha, tsambalo likhale la katundu ameneyo yekha popanda kusakaniza ndi wa makampani opikisana naye, mulembe poonekera kuti ndinu wogulitsa woima panokha ndipo si inu kampaniyo, ndiponso musakokolole mayina onse okhala ndi mawuwo mpaka mwini wake kusowa dzina. Ngati muli ndi mgwirizano wa u ejenti, uwerengeni kaye, chifukwa mapangano ambiri amaletseratu kulembetsa dzina la kampani. Ine ndimaona kuti njira yabwino koposa ndi kutenga dzina la shopu yanu, n'kutchula katunduyo m'kati mwa tsamba, popeza dzina limenelo lidzakhalabe lanu ngakhale mutasiya kugulitsa katundu wa kampaniyo.

Lembetsani m'dzina lanu lenileni

Polembetsa, lembani dzina lanu loona, nambala ya foni imene ikugwira ntchito ndi imelo imene mumatsegula sabata iliyonse. Kulemba zabodza ndi kuphwanya mgwirizano, kukhoza kuchititsa kuti dzinalo liyimitsidwe, ndipo pa mkangano kumawerengedwa ngati chizindikiro cha kubisa kanthu. Kulipira kuti dzina lanu lisaonekere kwa anthu wamba n'kololedwa, koma dandaulo likabwera kampani yolembetsa imaulula mwini wake. Sungani malisiti onse, ndipo lembani penapake chifukwa chimene munasankhira dzinalo ndi zimene mukufuna kuchita nalo.

Pogulitsa

Lamulo lalikulu pa gawoli n'lakuti musalembere mwini chizindikiro kumutsatsa dzina lofanana ndi lake. Kalata imeneyo, kapena uthenga wa pa WhatsApp, ndiwo umakhala umboni woyamba m'dandaulo lake. Mu 1998 khoti la apilo ku America linagamula mlandu wa munthu amene analembetsa panavision.com n'kuuza kampani ya makamera a mafilimu ya Panavision kuti impatse madola 13,000, ndipo iye anagonja. Chaka chomwecho khoti la apilo ku England linagamula mlandu wa kampani ya One in a Million, imene inalembetsa mayina a Marks & Spencer, Sainsbury, Virgin, British Telecom ndi Ladbrokes. Khotilo linati dzina lotere likakhala m'manja mwa munthu wosayenera ndi chida cha chinyengo, ndipo linalamula kuti mayinawo aperekedwe kwa eni ake ngakhale anali asanagwiritsidwe ntchito. Makhoti a m'Malawi amatsatira mwambo wa malamulo wochokera ku England, ndipo zigamulo za kumeneko maloya amazitchula pofuna kukopa oweruza athu.

Dzina la mawu wamba mukhoza kulitsatsa poyera pa misika ya mayina monga Sedo kapena Afternic, pa mtengo uliwonse umene mukufuna, chifukwa mtengo wokwera pawokha si cholinga choipa. Munthu akakulemberani kufunsa mtengo, yambani mwadziwa kuti iye ndani. Akakhala loya kapena woimira kampani imene ili ndi dzina lofanana, musatchule mtengo musanafunse uphungu, ndipo musanene mawu oopseza monga akuti mukapanda kugula ndigulitsa kwa opikisana nanu.

Mukagwirizana, lembani mgwirizano wotchula dzinalo, mtengo, tsiku ndi amene alipire mkhalapakati. Gwiritsani ntchito mkhalapakati wosunga ndalama, monga Escrow.com, amene amalandira ndalama za wogula, n'kudikira kuti dzina lisamuke, kenako n'kukupatsani zanu, ndipo musanayambe tsimikizani kuti akhoza kutumiza ndalama ku banki yanu. Nambala yachinsinsi yosamutsira dzina musaipereke mkhalapakati asanakuuzeni kuti ndalama zafika. Dziwaninso kuti dzina la .com limene langolembetsedwa kumene silisamuka kupita ku kampani ina yolembetsa mpaka patadutsa masiku 60. Ndalama zimene mwapeza ndi phindu la malonda, choncho nkhani ya msonkho ku MRA ikukukhudzani.

Inu amene mukugula dzina kwa munthu wina, chenjerani ndi ichi: oweruza amawerenga tsiku limene inu mwaligula ngati tsiku latsopano lolembetsera. Dzina likhoza kukhala kuti linalembetsedwa bwinobwino zaka zambiri zapitazo kampaniyo isanabadwe, koma inu mukaligula lero kampaniyo itatchuka, ukale wa dzinalo sukutetezani.

Kalata yodandaula ikafika

Dandaulo la UDRP likaperekedwa, kampani yolembetsa imatseka dzinalo kuti lisagulitsidwe kapena kusamutsidwa, ndipo uthenga umabwera pa imelo imene munalemba polembetsa. Muli ndi masiku 20 oti muyankhe. Nkhani imayenda m'chilankhulo cha mgwirizano umene munavomera, chimene kwa ambiri a ife ndi Chingerezi. Mukakhala chete oweruza amagamula potengera zimene wodandaula walemba, ndipo anthu ambiri amataya mayina mwa njira imeneyi. Ku WIPO wodandaula ndiye amalipira, madola 1,500 pa woweruza mmodzi ngati mayina sakupitirira asanu. Oweruza atatu ndi madola 4,000, ndipo ngati amene wapempha atatuwo ndinu, mumalipira theka.

Khalani pansi ndi kuyeza nkhani yanu pa zinthu zitatu zija. Ngati mumtima mukudziwa kuti munalembetsa dzinalo chifukwa cha kampaniyo, vomerani kulipereka mwamtendere chigamulo chisanatuluke. Zigamulo zimasindikizidwa poyera pamodzi ndi dzina la wodandaulidwa, ndipo chigamulo chimodzi chokutsutsani chimadzakhala umboni wa chizolowezi pa mkangano wina uliwonse wa mtsogolo, komanso aliyense wofuna kukulembani ntchito ya makompyuta akhoza kuchipeza. Ngati muli ndi poima, yankhani mwadongosolo ndi kuphatikizapo satifiketi ya bizinesi, malisiti, zithunzi za shopu ndi kafukufuku munasunga uja. Oweruza ali ndi mphamvu yonena poyera kuti kampani yadandaula mwankhanza pofuna kulanda dzina la munthu wosalakwa, ndipo amaterodi zikaoneka choncho.

Oweruza a UDRP akhoza kungolamula kuti dzina lisamutsidwe kapena lifafanizidwe, ndipo salipiritsa ndalama. Mukagonja, kampani yolembetsa imadikira masiku 10 a ntchito kuti mukasume ku khoti loyenera ngati mukufuna. Makhoti ndiwo amalipiritsa. Lamulo la ku America la 1999 lolimbana ndi kulanda mayina limalola chipukuta misozi cha madola 1,000 mpaka 100,000 pa dzina limodzi, ndipo limalolanso kusumira dzina lenilenilo mwini wake ali kutali, popeza kaundula wa .com amasungidwa ndi kampani ya Verisign ku Virginia. Kuno kwathu mwini chizindikiro akhoza kupita ku nthambi ya High Court yoona milandu ya zamalonda kukapempha chiletso ndi chipukuta misozi. Ndipo munthu akafika poika tsamba lonamizira hotela n'kumalandira ndalama za alendo osungitsa zipinda, nkhaniyo yasanduka ya kuba mwachinyengo, imene ndi ya apolisi.

Kwa eni malo ogona alendo ndi mabizinesi ena

Gawo ili ndi limene limandikhudza kwambiri, chifukwa amene amavulala kawirikawiri ndi mabizinesi aang'ono amene alibe maloya. Zimachitika motere: mwini loji amapempha mnyamata wodziwa makompyuta kuti amupangire webusaiti, mnyamatayo amalembetsa dzinalo m'dzina lake ndi imelo yake, ndipo pakapita zaka awiriwo akasemphana, kapena mnyamatayo akasamukira ku Johannesburg, mwini loji amapeza kuti dzina limene lili pa chikwangwani chake, pa galimoto yake ndi pa makadi ake silili m'manja mwake. Lero lomwe funsani amene anakupangirani tsamba kuti akuonetseni pa kompyuta dzina la mwini limene linalembedwa, ndipo ngati si lanu kapena la kampani yanu, konzani zimenezo mukadali pa ubale wabwino. Imelo ndi pasiwedi ya akaunti yolembetsera zikhale ndi inu.

Ngati dzina lanu latengedwa ndi munthu wachilendo, yambani ndi kuona pa tsamba la ICANN Lookup kampani imene inalilembetsa ndi tsiku lake. Tsikulo n'lofunika kwambiri, chifukwa ngati iye analembetsa bizinesi yanu isanayambe, n'kovuta kunena kuti ankafuna inu. Jambulani zonse zimene zili pa tsambalo, sungani uthenga uliwonse umene wakutumizirani, makamaka wotchula mtengo, ndipo sonkhanitsani umboni wa zaka zimene mwagwiritsa ntchito dzinalo. Kalembetseni chizindikiro chanu m'gulu loyenera ngati simunatero, popeza satifiketi imafupikitsa mtsutso pa mfundo yoyamba ya zitatu za UDRP zija. Mukatero mulembereni kalata yaulemu yopempha dzinalo ndi kulonjeza kumubwezera zimene anawononga polembetsa. Akakana, yerekezani mtengo umene akufuna ndi madola 1,500 a WIPO kuphatikizapo malipiro a loya, poganiziranso mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza m'mabanki athu. Nthawi zina kutenga dzina la .mw, kapena dzina lina loyandikira, n'kulilengeza bwino kwa makasitomala, kumakhala kotsika mtengo kuposa mlandu.

Dzina likakhala m'manja mwanu, lilipireni zaka zingapo pa nthawi imodzi ngati thumba likulola, ndipo tsiku lothera lilembeni m'buku la maakaunti pamodzi ndi masiku a laisensi ndi inshuwalansi. Dzina la .com likatha nthawi n'kufafanizidwa, pamakhala masiku 30 oti muliwombole pa mtengo wokwera kuposa wa nthawi zonse, kenako masiku 5 limangodikira, ndipo likatuluka pamenepo aliyense akhoza kulitenga. Khadi la ku banki limene munalembetsera likatha ntchito kapena likasinthidwa, lowani mu akaunti sabata yomweyo n'kuikamo latsopano.